Khadi langa lili moyo

Ndangotsegula GPU-Z, pulogalamu yoonetsa mmene khadi loyendetsa zithunzi pa kompyuta (graphics card) likugwirira ntchito, usiku uno, mtima uli m'mwamba, kuti ndione ngati khadi la GTX 1060 lija ndinagula logwiritsidwa kale ntchito lilidi ndi mphamvu. Kompyuta itangokhala phee, liwiro la khadili linali pa 139 MHz basi. Nditayatsa gemu, nambala ija inadumpha kupitirira 1800, chonsecho a NVIDIA, kampani yomwe inatulutsa GTX 1060, analemba kuti boost yake, liwiro lomwe khadili limafika likamagwira ntchito yolemetsa, ndi 1708. Mtima wanga unakhala pansi, abale.

Chondidetsa nkhawa n'kutentha kwa Okutobala kuno. Khadi likangofika madigiri 83 limatsitsa liwiro lokha kuti lisapse, ndipo ndaona ndi maso manambala akutsika, gemu n'kumadukaduka. Fumbi ladzaza pa mafani onse awiri. Loweruka nditsegula bokosi la kompyuta, ndipukute fumbilo, ndipakenso thermal paste yatsopano, phala lothandiza kuchotsa kutentha pa khadi.