Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Buluku la amayi pakhonde la ku Limbe

M'gawo lapitali ndinakusiyani nditalemba JCE, fizi itasowa, mayi anga atandikweza basi kupita kwa amalume ku Bangwe. Lero tikambe za 1994, chaka chomwe ndinayamba kugwira sizasi.

Amalume anali telala. Makina awo a Singer, opalasa ndi mapazi aja, ankakhala pakhonde la sitolo ya mmwenye wina ku Limbe, ndipo madzulo tinkawanyamula awiri kuwalowetsa mkati. Matelala a pakhonde onse amene ndinkawadziwa anali amuna. Ine ntchito yanga inali kukoleza makala a m'simbi, kuika mabatani, kupinda madiresi ndi dzanja komanso kuthamangira ulusi ndi mazipi. Zodula nsalu ndinkaziopa. Msoko ukakhota umamasula n'kusokanso, koma nsalu ya kasitomala ukaidula molakwika basi, ulipira.

Ana a masiku ano mwina sangamvetse chifukwa chake buluku linali nkhani. Kuyambira 1973 kunali lamulo loletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi oonetsa mawondo. Pa 14 June 1993 anthu anavotera nyali, chizindikiro cha ofuna zipani zambiri, pa riferendamu, ndale za zipani zambiri zinabwera, lamulo lija linachotsedwa, ndipo mu May 1994 boma linasintha. Kwa ife a pakhonde kusinthaku kunabwera ndi zowawa zake. Kwacha inagwa mphamvu, nsalu za kwa David Whitehead zinakwera mtengo, kaunjika anadzaza msika wa Limbe. Sukulu za pulayimale zitakhala zaulere, yunifolomu inaleka kukhala yokakamiza, pomwe ndi imene inkatidyetsa nthawi yotsegulira sukulu. Masiku ena amalume ankaweruka atangoika zigamba ziwiri.

Koma kunayamba kubwera makasitomala achilendo: amayi a m'maofesi ndi atsikana a m'makoleji, nsalu ili m'jumbo, akufuna buluku. Matelala ankalidula monga anazolowera la amuna. Zotsatira zake zinali zomwezo khonde lonse. Buluku linkathina m'mahipi, m'chiuno n'kutaya, ndipo munthu akakhala pampando kumbuyo kunkatsika. Vuto lina linali laulemu. Bambo wamkulu sakanazunguliza tepi m'chiuno mwa mkazi wa mwini anthu akuona, choncho ankangoyeza ndi maso. Tsiku lina amalume anandipatsa tepi nati, "Iwe, lowa nawo mkatimo ukawayeze."

Kuyambira pamenepo woyeza amayi ndinali ine, ndipo manambala ndinkawalemba m'kope langa lakale la masamu. Nditawayang'ana bwino ndinaona chinthu chimene chinandisowetsa tulo. Kwa abambo ambiri, muyezo wa m'chiuno ndi wa m'mahipi susiyana kwenikweni. Kwa amayi umasiyana kwambiri, ena mpaka mainchesi khumi kapena kuposa. Ndiye patani imodzi ingakwane bwanji onse awiri?

Ndinatenga masiku ndisanalankhule, poti mwana sauza wamkulu kuti ntchito yake ili ndi vuto. Pomaliza ndinalimba mtima tikuyenda kubwerera ku Bangwe.

"Amalume, patani yanu ija ndi ya abambo. Bwanji titapeza buluku la amayi la pakaunjika, tiliphwasule, tione mmene analidulira?"

Sanayankhe. M'mawa mwake anasowa pang'ono, n'kubwera ndi buluku limodzi la amayi ndi mulu wa nsalu zakale zoyala pabedi, zotchipa zija. Anaziika pamiyendo panga pamodzi ndi sizasi yawo yaikulu, imene sankabwereka munthu aliyense.

"Izi n'zako. Dula, ononga, palibe adzakufunse. Koma chimene chalakwika usataye, uzindionetsa."

Ndinamasula misoko yonse ya buluku lija ndi lezala, kusita zidutswa zake, n'kuzijambula pa pepala la thumba la simenti. Apo ndinaona ndi maso anga kuti mbali yakumbuyo inali yaitali ndi yotambalala kuposa yakutsogolo, ndipo pansi pa lamba panali madati, timisoko tating'ono tosongoka timene timameza nsalu yotsala kuti m'chiuno mugwire. Koma kukopera kokha sikunathandize, chifukwa buluku lija analisokera thupi la munthu wina wakutali. Ndinayenera kulikulitsa potengera manambala a m'kope muja, ndipo apo ndi pamene nsalu zoyala pabedi zinagwira ntchito.

Loyamba mwendo wake unapotoka, msoko wa m'mbali n'kubwera kutsogolo kwa bondo. Amalume analinyamula, nalizunguliza, nafunsa, "Ukuona kuti chakoka n'chiyani?" Ndinaliyang'ana mpaka ndinazindikira kuti ndinayala patani mopingasa pofuna kupulumutsa nsalu, osatsata mmene ulusi wa nsaluyo wayendera. Lachiwiri linakwana munthu ali chiimire, koma msuweni wanga atayesa kugwada linang'ambika pakati. Ndinawonjezera utali wa msoko wokhota wakumbuyo. Lina linatuluka ndi thumba la nsalu kutsogolo chifukwa ndinawonjezera mbali zonse ziwiri mofanana. Lililonse amalume ankalikoleka pamsomali kuseri kwa makina, ndipo ndikayamba lina ankanditumiza kukaliyang'ana kaye. Ndinaphunziranso kusiya nsalu yokwanira m'misoko kuti ndithe kumasula, kuyamba ndagwiriza ndi dzanja munthu ayese ndisanapite pa makina, ndi kuviika nsalu ya thonje m'madzi ndisanaidule kuti ithe kufupika.

Matelala anzawo ankawanena kuti akutaya ndalama pa mwana wamkazi. Masiku amenewo ndalama ya nsalu zija ikanagula ndiwo, ndipo amalume ankadziwa. Mpaka lero ndikawakumbukira mtima umandiwawa ndi chithokozo. Kusukulu yankho lolakwika linkabwera ndi chikwapu, moti tinaphunzira kukhala chete. Ana amene ndimawaphunzitsa kusoka pano ambiri amafika ali choncho: manja abwino, maso akuthwa, koma amagwira choko n'kumandiyang'ana kudikira kuti ndiwauze poika mzere. Chinthu choyamba chimene ndimawagulira ndi nsalu yoti aononge.

Patani itakhazikika ndinayamba kuganiza zanga. Amayi ambiri thupi limasintha akabereka, ndipo sangasoketse buluku chaka ndi chaka. Ndinayesa kuika lasitiki kumbuyo kokha kwa lamba, kutsogolo n'kusiya kosalala, zipi n'kuipititsa m'mbali. Kenaka ndinamva zimene amayiwo ankadandaula tili awiri m'sitolo muja. Lamulo linali litachoka, koma maso a anthu ndi pakamwa pa anyamata a pa depoti zinali zisanasinthe, moti ena ankamanga chitenje pamwamba pa buluku mpaka akafike ku ofesi. Mantha awo anali oona. Mukukumbukira kuti ngakhale mu January 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula amayi ovala mabuluku pamsewu, zinthu zimene zimandipsetsa mtima mpaka pano. Ndiye ndinaganiza zosoka buluku la nsalu ya mtundu umodzi pamodzi ndi bulauzi yaitali ya chitenje yofika pantchafu, yong'ambika pang'ono m'mbali kuti munthu aziyenda momasuka. Amalume poyamba anati chitenje sichiyenda ndi buluku, koma anandilola kuyesa.

Woyamba kuvala anali namwino wina amene ankasoketsa madiresi kwa amalume kuyambira kale. Nsalu yake ndinaidula ndekha, amalume atakhala pambali akumwa tiyi, osandiyang'ana dala. Atabwera kudzayesa, analowa mkati, anakhala pa mpando, anaimirira, anawerama ngati akutola chinthu pansi, kenaka anatuluka pakhonde atavala chomwecho. "Mwana uyu ndi wanu, bambo? Musamutaye." Sabata yotsatira anabwera ndi anzake awiri a kuntchito.

Pofika Khirisimasi makina amodzi anali atachepa, ndipo ine ndi amalume tinkalandizana, iwo masana, ine m'mawa kwambiri. Mmene tinapezera makina achiwiri kudzera m'chipereganyu cha amayi a ku Bangwe, ndi mkangano umene unabuka kunyumba bambo anga atamva kuti ndikusoka mabuluku a akazi, ndidzakuuzani m'gawo 7.