Mukapita awiri kukayezetsa, musaime pa HIV yokha

Anthu ambiri okondana muno mu Lusaka akaganiza zosiya kondomu amapita kukiliniki, amawabaya pachala, amadikira mphindi 15 kapena 20, n'kubwerera kunyumba mtima uli m'malo. Chimene ayezetsa pamenepo ndi HIV basi. Chindoko, chinzonono, klamidiya (matenda ofanana ndi chinzonono) ndi hepatitis B (matenda a chiwindi) chilichonse chili ndi kayezedwe kake, ndipo nthawi zambiri sayeza mukapanda kupempha.

Ngakhale pa HIV pomwepo pali msampha. Kachipangizo ka pachala kamafufuza asilikali amene thupi limapanga polimbana ndi kachilombo, ndipo asilikaliwo angatenge mpaka miyezi itatu kuti aoneke. Ngati mmodzi wa inu anagona ndi munthu wina mwezi watha, zotsatira za lero sizikunena kanthu za tsiku limenelo. Yezetsani lero, pitirizani kondomu, mubwererenso pakatha miyezi itatu. Lowani limodzi kwa mlangizi, mumve zotsatira muli awiri. Chithunzi cha kakhadi chotumizidwa pa WhatsApp musachidalire. M'makiliniki a boma ndi m'zipatala monga za Matero, Chipata, Kanyama, Chawama ndi Chilenje kuyeza HIV n'kwaulere. OraQuick, yodziyeza nokha popaka m'nkhama, imathandiza, koma ikaonetsa mizere iwiri pitani akakuyezeninso kukiliniki.

Chindoko amayeza m'magazi. Chimayamba ndi kachilonda kosapweteka kamene kamapola kokha, munthu n'kuganiza kuti wachira pamene matenda alowa mkati. Kwa mayi woyembekezera chimatha kupha mwana ali m'mimba, n'chifukwa chake amachiyeza kusikelo, ndipo bambo ayenera kupita nawo. Mankhwala ake ndi jakisoni wa benzathine penicillin: mmodzi ngati changoyamba, atatu, kamodzi pa sabata, ngati chakhalitsa. Amene anadwalapo kale auze namwino, chifukwa kachipangizo kofulumira kamaonetsabe ngati ali nacho ngakhale munthu anachira. Apo pamafunika kuyeza kwina kwa magazi kotchedwa RPR.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa chinzonono ndi klamidiya. Makiliniki ambiri a boma amapereka mankhwala potengera zizindikiro: mafinya, kupweteka pokodza, chikazi chachilendo, kuwawa kwa chinena. Koma amayi ambiri, ngakhalenso abambo ena, samva chilichonse. Matenda amakwera mwakachetechete, kukawononga machubu a chiberekero, ndipo zimadzadziwika banja likusowa mwana kapena mimba itakhala m'chubu. Ngati mulibe zizindikiro koma mukufuna kutsimikiza, funsani labu imene imayeza mkodzo kapena swabu (kathonje kopaka kumaliseche) mwa njira ya PCR, yofufuza tizilomboto mwachindunji. Kawirikawiri mumalipira, koma ndi ndalama yosadandaulitsa. Dikirani milungu iwiri kuchokera tsiku limene mukukayikira. Musakodze kwa ola limodzi musanapite, ndipo m'kabotolo muikemo mkodzo woyambirira kutuluka, osati wapakati, chifukwa ndiwo umakokolola tizilombo.

Akapeza matenda, chithandizo ndi cha nonse awiri ngakhale winayo sakumva kanthu. Chinzonono ndi jakisoni wa ceftriaxone. Klamidiya ndi doxycycline wa 100 mg kawiri pa tsiku kwa masiku 7, koma woyembekezera amamupatsa mankhwala ena. Musagonane mpaka nonse mutamaliza mankhwala komanso patatha masiku 7 chibayireni jakisoni. Wina akachira yekha amakatenganso kwa mnzake. Ndipo chonde, makapisozi ogula pa kantemba asiyeni. Amaletsa mafinya masiku angapo, tizilombo n'kutsala titazolowera mankhwala.

Zotsatira zikasiyana, musathamangire kulozana zala. Klamidiya imakhala m'thupi miyezi yambiri, chindoko ndi HIV zaka, kotero munthu angakhale anabwera nazo chibwenzi chisanayambe. Mabanja amene wina ali ndi HIV wina alibe alipo ambiri, ndipo amabereka ana opanda kachilombo. Amene ali nako ayambe ma ARV msanga. Kachilombo kakachepa mpaka kusaoneka poyeza kuchuluka kwake m'magazi (viral load), zimene zimatenga pafupifupi miyezi 6 ya kumwa mosadumphitsa, sapatsiranso mnzake pogonana. Podikira nthawi imeneyo, winayo amwe PrEP, mankhwala oteteza amene alibe HIV kuti asaitenge, ndipo kondomu ipitirire. Kondomu ikaphulika iye asanayambe PrEP, apite kuchipatala pasanathe maola 72 akalandire PEP, mankhwala oletsa kachilombo kukhazikika m'thupi, amene amamwa kwa masiku 28.