Lathe Yanga ya CNC Ilibe Maso: Zimene Ndaphunzira M'miyezi 6 Yoyamba

Tsiku limene ndinatulutsa lathe yanga yaing'ono ya CNC m'bokosi lake, ndinkaganiza kuti ntchito yanga ikhala yojambula chinthu pa kompyuta, kudina batani, kenako n'kupinda manja makinawo akundisemera chitsulo. Papita miyezi 6 tsopano, ndipo ndikunena mosabisa kuti kujambulako ndi kachigawo kakang'ono chabe ka ntchito yonse. Chimene chimadya nthawi ndi kuuza makinawo malo enieni pamene nsonga ya mpeni ili, chifukwa iwo alibe maso, ndipo chilichonse chimene mwawauza amachilandira ngati choona ngakhale chikhale cholakwika chotani.

Kwa amene simunagwirepo makina amenewa, lathe imagwira chitsulo m'mano a chopanira chotchedwa chuck n'kumachizungulitsa, pamene mpeni wosema suzungulira ayi, umangoyenda m'njira ziwiri. Njira ya Z ndi yotsata utali wa chitsulocho, ndipo njira ya X ndi yolowera pakati pa chitsulo kapena kutuluka kunja. Pa lathe yamanja munthu amapukusa zogwirira kuti mpeni uyende, pamene pa ya CNC, kutanthauza yoyendetsedwa ndi kompyuta, ntchito imeneyo imagwiridwa ndi mamota awiri omvera malamulo olembedwa m'chilankhulo chotchedwa G-code. Luso limeneli si la dzulodzuloli, pakuti makina oyamba odula chitsulo motsogozedwa ndi manambala anaonetsedwa ku yunivesite ya MIT ku America m'chaka cha 1952, ndipo ankawerenga malamulo awo pa tepi yobooledwa timabowo. Malamulo ambiri amene timalemba lero ndi a banja lomwelo lotchedwa RS-274.

Chinthu choyamba chimene chinandizunguza mutu ndi chakuti mawu oti "pulogalamu ya CNC" amatanthauza zinthu zitatu zosiyana. Pali pulogalamu yojambulira, imene amaitcha CAD. Pali ina yosandutsa chojambulacho kukhala njira zoyenda mpeni, imene ndi CAM. Ndiye pali yachitatu yoyendetsa makina enieniwo, imene imawerenga G-code n'kumatumiza timphamvu tamagetsi ku mamota. Woyamba kumene amathamangira ziwiri zoyambazo chifukwa ndi zokongola m'maso, koma yofunika kuisankha mofatsa ndi yachitatuyi. Mwa mapulogalamu oyendetsa makinawa, GRBL ndi yaulere ndipo imayenda pa kabolodi ka Arduino Uno, koma inalembedwa poganizira makina a mtundu wina, moti siitha kugwirizanitsa kuyenda kwa mpeni ndi kuzungulira kwa spindle, shafiti yozungulitsa chuck, ndipo popanda zimenezo simungaseme mazinga a bawuti. Mach3 ndi yogulitsa ndipo imayenda pa Windows, koma ngati mukufuna kuilumikiza kudzera pa parallel port, polumikizira pakale pa printa, imafuna Windows ya 32-bit. Ine ndinasankha LinuxCNC, imene inachokera ku ntchito ya bungwe la boma la America la NIST, ndipo ndi yaulere. Imafuna kompyuta yoyankha pa nthawi yake yeniyeni mosaphonya, n'chifukwa chake imabwera ndi kapulogalamu koyesera kuchedwa kwa kompyuta kotchedwa latency test. Chodabwitsa n'chakuti kompyuta yakale ya pa desiki kawirikawiri imakhoza bwino mayeso amenewa kuposa laputopu yatsopano, chifukwa laputopu imakonda kudukiza ntchito pofuna kusunga batire ndi kuchepetsa kutentha.

Musanadule kanthu kalikonse, pulogalamu yoyendetsayi iyenera kudziwa kuchuluka kwa masitepe amene mota iyenera kuponda kuti mpeni usunthe milimita imodzi. Masamu ake ndi osavuta. Mamota ambiri a stepper, oyenda sitepe ndi sitepe, amaponda masitepe 200 kuti azungulire kamodzi, kutanthauza madigiri 1.8 pa sitepe iliyonse. Ngati bolodi yoyendetsa mota yaikidwa kuti igawe sitepe iliyonse pasanu ndi patatu, masitepewo amakhala 1600. Ndodo yamazinga yosuntha mpeni pa makina anga imayenda mamilimita 4 ikazungulira kamodzi, choncho 1600 kugawa ndi 4 kumapereka masitepe 400 pa milimita. Komabe nambala ya pa pepala siyenera kukhulupiriridwa isanayesedwe. Ndinatsamiritsa dial indicator, choyezera chokhala ndi singano ngati wotchi, pa chogwirira mpeni, ndinalamula makinawo kuti ayende mamilimita 5, ndipo ndinayang'ana ngati singano yafikadi pa 5.

Ndi chipangizo chomwecho ndinapeza vuto lachiwiri, lomwe ndi kugwedera kwa ndodo yamazinga mkati mwa nati yake, kumene akatswiri amati backlash. Mota ikasintha kolowera, imayamba yazungulira pang'ono mpeni usanasunthe. Pa njira ya X ndinapeza mpata wa mamilimita 0.04, ndipo poyamba ndinauona ngati wosadetsa nkhawa, mpaka nditakumbukira kuti pa lathe cholakwa chilichonse cha X chimawirikiza kawiri pa m'mimba mwa chitsulo, popeza mpeni umadya mbali zonse ziwiri chitsulocho chikamazungulira. Mpata wa 0.04 umasanduka 0.08, ndipo zimenezo n'zokwanira kuti shafiti ikane kulowa mu beringi kapena ilowe mogwedera. LinuxCNC ili ndi malo olembapo nambala yobwezera mpata umenewu, koma ine ndaona kuti ndi bwino kuyamba ndamanga bwino zitsulo zimene zakhwepa, kenako n'kuzolowera kuti podula komaliza mpeni uzifika pa muyeso wake kuchokera mbali imodzimodzi nthawi zonse.

Nkhani ya kuwirikiza kawiriyi ndi imene inandithyolera mpeni wanga woyamba, ndipo wolakwa ndinali ine ndemwe. Pa lathe nambala ya X ikhoza kuwerengedwa m'njira ziwiri: ngati m'mimba monse mwa chitsulo, kapena ngati theka lake, kuyambira pakati kufika kunja. Mu LinuxCNC lamulo la G7 limasankha m'mimba monse ndipo G8 imasankha theka. Tsiku limenelo ndinali nditamanga ndodo ya aluminiyamu ya mamilimita 16, ndipo fayilo imene ndinatsegula inali yolembedwa mowerengera theka, moti X7.5 inkatanthauza kupala theka la milimita lokha. Koma m'mawa mwake ndinali nditalemba G7 poyesa zinthu zina, n'kuiwala. Makinawo anawerenga X7.5 ngati m'mimba monse, choncho mpeni unalowa mamilimita 4.25 nthawi imodzi m'malo mwa 0.5. Phokoso lake sindidzaliiwala. Spindle inaima, nsonga ya mpeni inathethuka, ndipo mota ya Z inalumpha masitepe, kutanthauza kuti kuyambira pamenepo manambala a pa sikirini sankagwirizananso ndi malo enieni a mpeni. Mamota a stepper wamba sabweza uthenga wonena ngati afikadi pamene atumidwa, ndiye kompyuta inapitiriza kuonetsa kuti zonse zili m'chimake.

Kuchokera tsiku limenelo ndinasiya kaye CAM kwa milungu ingapo ndipo ndinayamba kulemba G-code ndi manja. Ndikudziwa kuti ena anganene kuti kumeneko n'kubwerera m'mbuyo, koma ine ndikulimbikitsa aliyense woyamba kumene kuti achite chimodzimodzi, chifukwa ntchito zambiri za pa lathe yaing'ono zimakwana m'mizere yochepa kwambiri. Nayi fayilo yonse yopala ndodo ya mamilimita 16 kuti ikhale 15 pa utali wa mamilimita 20:

G21 G18 G90 G7 G94
T1 M6 G43
G97 S900 M3
G0 X17 Z2
G0 X15
G1 Z-20 F70
G1 X17
G0 Z2
M5
M2

Mzere woyambawo ndiwo mankhwala a ngozi yanga ija. G21 ikunena kuti miyeso ndi ya mamilimita osati mainchesi, G18 ikusankha bwalo la X ndi Z, G90 ikunena kuti nambala iliyonse ikuwerengedwa kuchokera pa ziro, G7 ikukhazikitsa m'mimba monse, ndipo G94 ikunena kuti liwiro la mpeni ndi mamilimita pa mphindi. Ndimaulemba pamwamba pa fayilo iliyonse ngakhale ndikhale wotsimikiza kuti makinawo ali kale m'malamulo amenewo. G0 ndi kuthamanga mpeni usanakhudze chitsulo, G1 ndi kuyenda modula pa liwiro limene F yanena, M3 imayatsa spindle ndipo M5 imaizimitsa. Munthu amene waloweza mizere imeneyi amatha kutsegula fayilo yotuluka mu CAM n'kuona msanga pamene pali msampha. Izi n'zofunika chifukwa G-code ya makina osiyanasiyana imasiyana ngati malankhulidwe a anthu a chinenero chimodzi, moti lamulo limodzi likhoza kukhala ndi tanthauzo lina pa makina ena. N'chifukwa chake pulogalamu ya CAM ngati Autodesk Fusion imafuna kuti musankhe post processor, chomasulira njira za mpeni kukhala G-code, yogwirizana ndi makina anu isanatulutse fayilo.

Ziro amene ndamutchulayo samabwera yekha, ndipo kumuika ndi mwambo umene ndimauchita mosapupuluma. Pa Z, ndimapala pang'ono nkhope ya chitsulo, ndiye mpeni usanasunthe cha m'litali ndimauza pulogalamu kuti pamenepo ndiye Z0. Pa X, ndimapala kachigawo kakang'ono ka kunja, ndimabweza mpeni motsata Z mokha osakhudza X, ndimazimitsa spindle, ndimayeza m'mimba mwake ndi choyezera chotchedwa micrometer, ndipo nambala imene ndapezayo ndi imene ndimalemba. Mpeni uliwonse uli ndi utali wakewake, choncho uliwonse uyenera kuyezedwa ndi kulembedwa mu mndandanda wa mipeni wotchedwa tool table, ndipo G43 ija ndi imene imauza makina kuti agwiritse ntchito muyeso wa mpeni umene wasankhidwa. Palinso chinthu chimodzi chimene pulogalamu iliyonse singachikonze, chomwe ndi msinkhu wa nsonga ya mpeni. Nsongayo iyenera kulunjika pakatikati penipeni pa chitsulo. Ikatsika imasiya kamchombo pakati mukapala nkhope, ndipo ikakwera mpeni umangokhula m'malo modula.

Za liwiro la spindle sindichulukitsa mawu. Mumatenga liwiro lodulira loyenera chitsulocho, m'mamita pa mphindi, n'kuchulukitsa ndi 1000, kenako n'kugawa ndi 3.14, n'kugawanso ndi m'mimba mwa chitsulo m'mamilimita. Chitsulo chofewa chodulidwa ndi mpeni wa chitsulo cholimba chotchedwa HSS chimafuna pafupifupi mamita 30 pa mphindi, choncho ndodo ya mamilimita 20 izizungulira pafupifupi ka 480 pa mphindi, ndipo ya mamilimita 10 pafupifupi ka 950. Aluminiyamu imalola liwiro loposa pamenepo. Lamulo la G96 limachita masamu amenewa lokha n'kumawonjezera liwiro mpeni ukamayandikira pakati, koma limagwira ntchito pokhapokha ngati spindle ikulamulidwa ndi kompyuta, ndipo muyenera kuliikira malire kuti chuck isathamange mopitirira muyeso. Pophunzira, yambani ndi pulasitiki ya acetal kapena aluminiyamu, ndipo chitsulo chisatuluke mu chuck kupitirira katatu m'mimba mwake ngati sichinachirikizidwe kumapeto, apo ayi chimapindika n'kuyamba kulira.

Ndaonanso kuti kukhalapo kwa kompyuta kumamupusitsa munthu kuti aiwale zoti wayandikana ndi chinthu chozungulira mwamphamvu. Magalasi oteteza maso sindiwavula, magolovesi sindivala spindle ikamazungulira chifukwa akhoza kukodwa n'kukokera dzanja, ndipo kiyi wa chuck sachoka m'dzanja langa mpaka nditamuika pamalo pake. Zinyenyeswa za aluminiyamu zimatuluka ngati zingwe zazitali zakuthwa, ndipo sizichotsedwa ndi zala. Fayilo iliyonse yatsopano ndimayamba ndaiona pa chithunzi cha njira ya mpeni pa sikirini, kenako ndimaiyendetsa m'malere chuck ili yopanda kanthu, mzere umodzi pa nthawi, liwiro nditalitsitsa, dzanja lina lili pa batani lofiira loimitsira makina. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mphindi zisanu zimenezi zandipulumutsira mipeni ingapo.

Mwezi wathawu ndinamangirira encoder, kachipangizo kowerenga kuzungulira, ku spindle kuti ndiyambe kusema mazinga. Mazinga sasemedwa ulendo umodzi. Mpeni umadutsa kambirimbiri, ulendo uliwonse ukuzama pang'ono, ndipo uyenera kugwera mu mzere womwewo nthawi zonse. Kuti zimenezi zitheke, encoder imatumiza chizindikiro chimodzi chapadera pa kuzungulira kulikonse, ndipo lamulo la G76 limadikira chizindikiro chimenecho lisanayambe ulendo uliwonse. Bawuti yanga yoyamba inali M10, kutanthauza ya mamilimita 10, ya mazinga otalikirana mamilimita 1.5. Pooneka inali yosalala bwino, koma nati inakana kulowa. Nditayeza ndinapeza kuti ndodoyo inali yonenepa pang'ono chakumapeto, chifukwa ndinaitulutsa kwambiri mu chuck ndipo inkathawa mpeni, kenako vuto lina linali lakuti kuya kwa mazinga ndinakulemba mowerengera theka pamene makina anali pa G7. Ndadula ndodo ina yaifupi, ndaiboola kabowo ka pakati kuti ichirikizidwe ndi tailstock, chochirikizira cha kumapeto kwa lathe, ndakonza nambala ya kuya ija, ndipo ili mu chuck kudikira Loweruka.