VLAN 20 yayamba kulandira ma adilesi, vuto linali Option 82

Usiku wapitawu kamera ya pa VLAN 20 (VLAN ndi chigawo cha netiweki chopatulidwa pachokha) yalandira adilesi yake ya IP, 192.168.20.51, kudzera mu DHCP, njira imene seva imagawira zipangizo ma adilesi, popanda ine kuilembera pamanja. Mtima wakhala m'malo tsopano, chifukwa nkhaniyi yandisowetsa tulo kwa masiku angapo.

Makonzedwe anga ndi awa: switch ya Layer 2 (yolumikiza zipangizo koma yosadutsitsa mapaketi pakati pa ma VLAN) ya ma port 24, trunk imodzi (chingwe chonyamula ma VLAN onse) yopita ku rauta, ndi ma VLAN atatu. 10 ndi ya makompyuta a m'nyumba, 20 ya makamera ndi mababu a Wi-Fi, 30 ya alendo. Ma adilesi amachokera ku dnsmasq, pulogalamu ya seva ya DHCP, pa Raspberry Pi (kakompyuta kakang'ono) yomwe ili mu VLAN 10. Popeza Discover, paketi yoyamba imene chipangizo chimatumiza popempha adilesi, ndi broadcast (imapita kwa onse) ndipo siingadumphe malire a VLAN, rauta ndiyo imagwira ntchito ya relay, yoipereka kwa seva.

VLAN 10 inkayenda bwinobwino. Ku 20 ndi 30 kunali zii. Laputopu ikadikira n'kutopa inkangodzipatsa yokha adilesi ya 169.254, ija imabwera DHCP ikalephera. Chondizunguza mutu chinali chakuti ndikalemba adilesi pamanja zonse zinkatheka: gateway inkayankha ping, intaneti inkatseguka, ngakhale SSH yopita ku Pi inkalowa. Ndiye kuti ma tag a 802.1Q (zizindikiro za VLAN pa mapaketi) anali bwino, ndipo PVID (nambala ya VLAN ya port) iliyonse inali bwino. Firewall nayonso sinkatseka UDP 67 ndi 68, ma port a DHCP. Mu dnsmasq ndinali nditalembamo kale netmask (nambala yosonyeza kukula kwa netiweki) pa dhcp-range iliyonse (mzere wa ma adilesi ogawidwa), popeza pa netiweki yodzera ku relay iye sangaidziwe yekha. Nanga Discover inkathera kuti?

Ndinayatsa port mirroring (kukopera mapaketi ku port ina kuti ndiwaone) pa trunk n'kutsegula Wireshark, kwinaku tcpdump ikumvetsera pa Pi; onsewa ndi mapulogalamu oonera mapaketi. Pa trunk ma Discover ankaoneka ndithu, ali ndi tag 20, akubwerezabwereza. Pa Pi sipankafika ngakhale imodzi. Nditatambasula paketi imodzi mpaka pansi ndinapeza zinthu ziwiri zimene siziyenera kukhalira limodzi: Option 82 (kachigawo kosonyeza kumene pempho lachokera) ilimo kale, koma giaddr (malo amene relay imalembamo adilesi yake) ikadali 0.0.0.0.

Apa ndi pamene panagona nkhani. DHCP snooping, chitetezo chosefa mapaketi a DHCP, ikayatsidwa pa switch yangayi, imaika yokha Option 82 m'paketi iliyonse yochokera ku port yosadalirika, kuti seva idziwe port ndi VLAN kumene pempho lachokera. Koma switch ya Layer 2 si relay, choncho giaddr siikhudza. RFC 3046 ya mu 2001, yomwe ili ndi malamulo a Option 82, imanena kuti relay ikalandira paketi yotere kuchokera kumbali yosadalirika iyenera kuitaya, chifukwa ikuoneka ngati wina wadzinamizira. Rauta inkangotsatira lamulo, n'kumataya mapaketiwo mwakachetechete. VLAN 10 inapulumuka chifukwa kumeneko Discover imafika pa Pi mwachindunji, osadzera ku relay.

Njira zilipo ziwiri: kuuza rauta kuti izikhulupirira Option 82 ya pa ma interface amenewo, kapena kuletsa switch kuiika. Ine ndasankha yachiwiriyi, chifukwa sindigawa ma adilesi potengera nambala ya port. Snooping yeniyeniyo sindinaizimitse, ndipo inunso musaizimitse chifukwa cha vutoli. Ndiyo imene imateteza netiweki mlendo akalumikiza karauta kake n'kuyamba kugawa ma adilesi ake. Port ya Pi ndi trunk ndizo zokha zodalirika. Nditangosintha, Wireshark inaonetsa Discover, Offer, Request ndi ACK, masitepe anayi a DHCP, motsatizana, ndipo pa Pi giaddr inali 192.168.20.1. Ndinasunga config nthawi yomweyo, magetsi asanandilande ntchito yonseyo.

Switch imeneyi ndinaigula yogwiritsidwapo kale ntchito, kwa aja amagulitsa zipangizo zochotsedwa m'maofesi. Kwa ine amenewa ndiwo abwenzi enieni a munthu wophunzira netiweki, chifukwa umapeza CLI yathunthu (polembera malamulo) ndi console port (polumikizira kompyuta mwachindunji), osati tsamba lokhala ndi mabatani ochepa chabe. Ingoonetsetsani kuti ndi yopanda fani. Yoyamba imene ndinali nayo inkalira usiku wonse mpaka ndinaitsegula n'kuisinthira mafani, ntchito imene inandiphunzitsa kugwira chowotcherera mawaya kuposa mmene inandiphunzitsira ma VLAN.

Popeza tebulo la snooping, lolemba chipangizo chilichonse ndi adilesi yake, layamba kudzaza bwino, Dynamic ARP Inspection, yoletsa chipangizo kudzinamizira adilesi ya china, ingathe kuyatsidwa tsopano, kungoti makina a adilesi yokhazikika ayenera kulembedwa kaye pamanja. Kenako ndikufuna 802.1X, njira yotsimikizira chipangizo chisanaloledwe pa port, ndi seva yake ya FreeRADIUS pa Pi yomweyo, kuti port izidziwa yokha VLAN yoikamo chipangizo chikangolumikizidwa. IPv6 (mtundu watsopano wa ma adilesi) ya VLAN iliyonse nayonso ikundikoka mtima, ndipo mwina ndiyamba ndi imeneyo makamera otsalawo akalowa onse.