Netiweki ikaduka pakati pa maseva

Pa zonse zimene ndawerenga zokhudza kusunga data pa maseva angapo, mfundo imene yandikhala m'mutu ndi iyi: seva ikasiya kumva inzake, ilibe njira yodziwira ngati inzakeyo yazima kapena ngati netiweki ndiyo yaduka. Kwa iyo kwangoti zii basi. Ikaganiza molakwika n'kudzitenga kuti ndiyo mtsogoleri pamene inzakeyo ikulandirabe data, pamakhala atsogoleri awiri, aliyense akulemba zake.

Eric Brewer adafotokoza vutoli mu 2000, ndipo Seth Gilbert ndi Nancy Lynch adalitsimikiza mwa masamu mu 2002. Amalitcha CAP. Netiweki ikagawanika, muyenera kusankha: kukana kutumikira anthu ena kuti data isasemphane, kapena kuyankha aliyense koma nthawi zina ndi data yakale.

Zimene zidachitika ku GitHub, kampani imene olemba mapulogalamu amasungako ntchito zawo pa intaneti, pa 21 Okotobala 2018 zidandithandiza kumvetsa kuposa masamuwo. Netiweki ya kumalo awo osungira data kum'mawa kwa America idaduka kwa masekondi 43 okha. M'kanthawi kameneko pulogalamu ya Orchestrator idasamutsira utsogoleri wa maseva a MySQL, osungira data, kumadzulo kwa dzikolo. Netiweki itabwerera, maseva a kum'mawa adali ndi zolembedwa zimene sizidafike kumadzulo, ndipo a kumadzulo adali atayamba kale kulandira zatsopano. Kulongosola zimenezi popanda kutaya data kudatenga maola 24 ndi mphindi 11. Ntchito yolemera idayamba netiweki itabwerera.

Chitetezo chachikulu ndi quorum, kutanthauza kuti ambiri avomereze. Tinene kuti data ili ndi makope atatu. Polemba mumadikira kuti maseva awiri avomere, powerenga mumafunsanso awiri. Popeza 2 kuphatikiza 2 kuposa 3, mwa awiri ofunsidwawo mmodzi amakhala nazo zatsopano. Maseva atatu amapirira imodzi ikafa, asanu amapirira ziwiri. Koma anayi amapirira imodzi yokha, ngati atatu omwe aja, ndipo akagawanika awiriawiri palibe mbali yololedwa kulemba. Ndiye kugula seva yachinayi n'kutaya ndalama. Chimodzimodzinso kuika maseva onse m'nyumba ziwiri zokha: nyumba yokhala ndi ambiri ikaduka, inayo imaima. Pamafunika malo achitatu.

Raft, njira yothandiza maseva kugwirizana imene Diego Ongaro ndi John Ousterhout adaifalitsa mu 2014, imasankha mtsogoleri motere. Seva ikakhala osamva mtsogoleri kwa kanthawi, monga mamilisekondi 150 mpaka 300, imakweza nambala ya term, yowerengera zisankho, n'kupempha mavoti. Mtsogoleri wakale akaona term yoposa yake amatula udindo pompo, ndipo zimene adalemba ali yekha, ambiri asanavomere, zimafufutidwa.

Cassandra, pulogalamu yosungira data pa maseva ambiri, imatha kulola mbali zonse kulemba, kenako imatenga cholembedwa chokhala ndi nthawi yaposachedwa. Apa wotchi ya seva ikatsogola, data yakale imagonjetsa yatsopano mwakachetechete, popanda uthenga uliwonse wochenjeza. N'chifukwa chake NTP, njira yofananitsira mawotchi a maseva, siyofunika kuiona mopepuka.

Pali msampha winanso kwa olemba mapulogalamu. Pempho la kulipira ndalama likapita koma yankho osabwera, sizitanthauza kuti lalephera. Mwina ndalama zachotsedwa kale, yankho lokha ndilo lasochera. Pempho lililonse likhale ndi nambala yakeyake, idempotency key, ndipo potumizanso mugwiritse ntchito nambala yomweyo kuti seva izindikire, isachotse ndalama kawiri.

Chimene chidandidabwitsa kwambiri ndi kufufuta. Mu Cassandra, mukafufuta chinthu sichichoka nthawi yomweyo. Pamaikidwa chizindikiro chotchedwa tombstone, chimene chimasungidwa masekondi 864000, ndiwo masiku 10, ngati simunasinthe gc_grace_seconds, imene imaika nthawiyi. Seva ikakhala yosapezeka, zinzake zimaisungira mauthenga kwa maola atatu okha. Ikabwerera patapita masiku oposa 10, tombstone ija imatha kukhala itachotsedwa kale kwa zinzake, pamene iyo ikadali ndi data yofufutidwayo, ndipo imaigawanso ngati yamoyo. Choncho nodetool repair, imene imafananitsa data pakati pa maseva, iziyendetsedwa pa seva iliyonse masiku 10 asanakwane. Seva imene yapitirira nthawiyo musailumikizenso momwe ilili: fufutani zonse zili m'menemo, muilowetse ngati yatsopano, ikopere data kuchokera kwa zinzake.