Pusi wanu akamakanda pansi pafupi ndi mbale yake chonde musamumenye

Aliyense amene anawetapo mphaka anazionapo izi. Wamuikira chakudya, wadya bwinobwino, kenako wasiya, wanunkhiza mbale ija kamodzi kawiri basi wayamba kukanda pansi ndi mwendo wakutsogolo, kwe kwe kwe mbali iyi, kuzungulira kupita mbali inayo, kukhala ngati akukokera dothi pa mbale chonsecho pansipo ndi pa simenti palibe olo kamchenga kamodzi. Ena amakanda khoma, ena mwendo wa tebulo. Wanga ine dzina lake ndi Bonya, iyeyo akapeza chiguduli kaya pepala kaya jumbo pafupi amachikoka mpaka chivundikire mbale yonse, akatero ndiye amachokapo mtima uli m'malo kupita kukadzinyambita padzuwa.

Chandilembetsa izi ndi mmene anthufe timazimasulira. Ambiri amati ndi mwano, ati mphaka akukuuza kuti chakudya chako ndi chimodzimodzi manyi poti ndi mmene amachitiranso akamaliza kudzithandiza. Ndinaona ndi maso angawa mayi wina kumene tinkachita lendi kale akugenda kamphaka ndi chikuni pa nkhani yomweyi, amvekere "ine ndadzimana usipa kukupatsa iwe ndiye uzindichita chipongwe?" kamphaka kaja kanathawa kakutsimphina ndipo mpaka lero ndikakumbukira zimandiwawa. Azakhali anga nawo amati ndi malodza, akuti mphaka sangamakumbe pakhomo popanda chifukwa, ndiye mukudziwa kale mmene amphaka amavutikira kwathu kuno ndi nkhani za ufiti, akakhala wakuda ndiye osanena. Abale anga, palibe mwano apa ndipo palibe malodza, kanyamaka kakungochita zimene makolo ake ankachita kutchire kuti akhale ndi moyo.

Mphaka amene tili naye m'nyumbayu kholo lake ndi vumbwe, yemwe uja amene amatha nkhuku kumudzi, asayansi amamutcha Felis lybica. Mukamuona vumbwe patali mukhoza kuyesa ndi pusi wa pakhomo wosochera, amangosiyana kuti miyendo ndi yaitaliko ndipo kuseli kwa makutu ndi kofiirira. Anayamba kuyandikana ndi anthu zaka pafupifupi 10,000 zapitazo cha ku Middle East kuja pamene anthu anayamba kulima ndi kusunga mbewu, mbewu zinaitana makoswe ndipo makoswe anaitana avumbwe, anthu anangoona kuti alendowa akuthandiza nkuwasiya. Mu 2004 akatswiri ofukula zakale analengeza kuti pachilumba cha Cyprus anapeza manda a zaka pafupifupi 9,500 momwe munthu anaikidwa pafupi penipeni ndi mphaka. Koma pa zaka zonsezi mphaka sanasinthe kwambiri ngati mmene anasinthira galu, anthu sanalimbane nako kumusankha kuti abereke wamtundu wakuti wogwira ntchito yakuti, amangokhala pafupi ndi nkhokwe kumadzisakira yekha, ndiye zambiri za kutchire adakali nazo m'magazi.

Tsono taganizani moyo wa vumbwe. Iye ndi mlenje inde koma ndi wamng'ono, nayenso amasakidwa, kuli afisi, kuli ankhandwe, kuli akambuku, kuli ziombankhanga, ndipo ambiri mwa amenewa amatsata fungo. Nyama yotsala ikangokhala pamtunda imanunkha, fungolo limalengeza kwa aliyense kuti pano pali chakudya komanso pali mwini wake amene wakhuta ndipo mwina wagona pafupi. Ndiye kukwirira kumagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi, kubisa chakudya kuti ena asachibe mwina nkudzabwerera njala ikawawa, komanso kubisa fungo kuti adani asabwere pamalopo. Si zachilendo m'banja la amphaka. Amene anapitako kumalo osungira nyama zakutchire a South Luangwa ku Zambia mwina anaona kambuku atakwera ndi mphala yathunthu mumtengo nkuikoleka pa nthambi kuti afisi ndi mikango zisamulande. Puma, mphaka wamkulu wa kutchire wa ku America, iye sakweza mumtengo, amakokera nyama yake pansi pa zitsamba nkuikwirira ndi masamba, timitengo ndi dothi pogwiritsa ntchito miyendo yakutsogolo, sitayilo yomweyo imene Bonya amachita pakhonde langa, ndipo amabwerera kudzadya masiku otsatira. Kusiyana kwake nkwakuti pusi wathu alibe masamba, ali ndi simenti kaya matailosi, koma mwendo umagwirabe ntchito yake chifukwa sichinthu chimene amachiganizira kuti kodi pano pali dothi kapena ayi, chimangobwera chokha. Ndi chimodzimodzi mayi amene wamaliza kudya nkutenga mbale ina kuvundikira mkute, sikuti nsimayo waida, akuisunga.

Za kufanana ndi kuchimbudzi zija, zoona zimafanana, ndipo chifukwa chake ndi chimodzi, zonsezo ndi zinthu za fungo zimene zingamuulule. Ifeyo ndi amene timaikapo tanthauzo la chipongwe chifukwa kwa ife chakudya ndi manyi siziyandikana olo m'maganizo, koma kwa mphaka funso ndi limodzi basi, kodi chinthuchi chikununkha moti chingandiitanire mavuto?

Ine ndinaziona bwino pamene Bonya anaswa. Masiku amenewo ankakanda mochita kunyanya, mbale ikangotsala ndi kanthu pang'ono olo msuzi wokha amalimbana nayo kwa nthawi ndithu, kukoka chiguduli, kununkhiza, kubwereranso kukakoka china, pomwe masiku ena onse amangokanda katatu kanayi nkuchoka. Ndipo nzomveka, ana osaona amene sangathawe ali mu katoni kuseli kwa chitseko, mayi wake sangalole fungo la nsomba likhale pamtunda pafupi ndi iwo, agalu a pa neba komanso amphaka aamuna oyendayenda ndi oopsa kwa tiana totere. Ndinkangomusiya amalize kenako ndikuchotsa mbale, amakhazikika nthawi yomweyo.

Palinso china chimene ambiri sitidziwa, kunsi kwa mapazi a mphaka pakati pa zala pamatuluka fungo lake lake limene ifeyo sitilimva koma amphaka anzake amalimva. Akamakanda mtengo, mpando, mphasa kaya pansi pafupi ndi mbale amasiyapo fungo limeneli, ndiye pakhomo pamene pali amphaka awiri atatu kukandako kumakhalanso kunena kuti malo ano ndi anga.

Koma chimene ndikufuna anzanga oweta amphaka tichimvetse kwambiri ndi nkhani ya kuchuluka kwa chakudya, chifukwa nthawi zambiri vuto limayambira kwa ife. Mphaka analengedwa kuti azidya pang'onopang'ono kambirimbiri, wagwira mbewa wadya, papita nthawi wagwira buluzi, kenako chiwala, kenako kambalame, ndipo amene anawaonerera amphaka osiyidwa kuti azidya mmene akufunira anapeza kuti amadya kakhumi kapena kuposa pa tsiku usiku ndi usana, koma tizakudya tating'onoting'ono. Ife timamudyetsa pa nthawi yathu, nkhomaliro ndi mgonero, ndipo timamuunjikira mtanda wathunthu wa nsima wosakaniza ndi zotsala zonse za m'poto chifukwa timamukonda komanso sitikufuna kutaya. Iye amadya zimene mimba yake ingakwanitse, zotsalazo atani nazo? Firiji alibe, kabati sangatsegule, chimene akudziwa ndi kukwirira. Ndiye mukaona wadya kaye kenako nkumakanda, uthenga wake ndi wophweka, ndakhuta zachuluka. Pamenepo palibe chodetsa nkhawa olo pang'ono.

Pamene muyenera kutchera khutu ndi pamene wafika pa mbale, wanunkhiza, osalawa nkomwe nkuyamba kukwirira. Apo ndiye chakudyacho wachikana ndipo ndi bwino kudzifunsa chifukwa. Mphaka amasankha chakudya ndi mphuno asanachiike m'kamwa, ndipo mphuno yake imamva kusasa ife tisanamve, ndiye ndi kutentha kwa mu Okotobala kuja nsomba ya m'mawa pofika masana imakhala itayamba kale kuonongeka, ntchentche zaterapo nyerere zalowa, vumbwe sakonda zovunda ngati fisi, amafuna nyama imene wapha kumene idakali yofunda. Nchifukwa chake chakudya chochokera mu firiji chozizira ambiri amachikana, mukachifunditsa pang'ono amadya. Pena vuto ndi mbale yeniyeniyo, ya pulasitiki yokandikakandika imasunga mafuta akale ndi fungo la sopo, kapena mwaiika pafupi ndi pamene amadzithandizira, kapena panjira pomwe ana akuthamanga galu akudutsa. Pena ndi chakudya chenichenicho. Tinene chilungamo, nsima yokha ndi msuzi si chakudya cha mphaka, thupi lake limafuna nyama, muli zinthu monga taurine zimene sangazipeze mu chimanga ndipo zikasowa kwa nthawi yaitali maso ndi mtima zimaonongeka. Amphaka ambiri a kumudzi amapulumuka chifukwa cha mbewa zimene amadzigwirira okha, osati nsima yathuyo. Zotsekemera nazo samazimva kukoma nkomwe, lilime lake lilibe mbali imeneyo, ndiye phala la shuga musadabwe akalikwirira.

Ndipo poti tafika pa zotsala za m'poto ndinene izi chifukwa ndi zofunika kwambiri, anyezi ndi adyo ndi poizoni kwa mphaka, zimaononga magazi ake kaya zaziwisi kaya zophika, ndiye ndiwo zathu zambiri mukudziwa timayamba ndi anyezi. Mchere wambiri si wabwino, mkaka wa ng'ombe amphaka akuluakulu ambiri umawatsegula m'mimba olo amaukonda, ndipo nsomba zina zaziwisi zikamadyedwa tsiku ndi tsiku zimaononga vitamini B1 m'thupi, kuphika kumathetsa vutolo. Ine ndimangopatula kausipa kaya bonya pang'ono ndisanathire chilichonse, kuwiritsa m'madzi okha opanda mchere, nthawi zina zam'kati mwa nkhuku zophika, sizodula ayi.

Mphaka amene akukwirira chakudya chilichonse chimene mwamupatsa osadya tsiku lathunthu mpaka lachiwiri, ameneyo akudwala ndipo musadikire kuti njala imuphunzitsa. Galu akhoza kupirira masiku angapo osadya koma mphaka akakhala masiku ochepa chabe opanda chakudya chiwindi chake chimayamba kudzaza mafuta, makamaka akakhala wonenepa, ndipo akhoza kufa nazo. Muyang'aneni m'kamwa ngati akulola, dzino lowola kaya zilonda kaya minga ya nsomba yobaya zimachititsa kuti afike pa mbale ndi njala koma alephere kudya, chimfine chotseka mphuno nachonso chimamuletsa kudya poti sakumva fungo. Pitani naye kwa a vetenale, amene muli ku Lilongwe kuli a LSPCA, bungwe losamalira nyama, m'maboma enamu kuli maofesi a za ziweto, ndipo mukapita funsaninso za katemera wa chiwewe chifukwa amphaka nawo amadwala chiwewe, si agalu okha. Chimene ndikupempha ndi mtima wanga wonse, musamupatse Panado. Anthu amachita izi ndi mtima wabwino poganiza kuti akuthandiza koma thupi la mphaka silitha kugaya paracetamol amene ali mu Panado, piritsi limodzi lokha limatha kumupha.

Kwa amene kukandaku kukukusowetsani mtendere, mwina akukanda kapeti kapena akugubuduza mbale usiku, zochita zake si zambiri. Chepetsani chakudya muzimupatsa pang'ono koma kangapo, m'mawa musananyamuke, mukabwera, ndi pogona. Akamaliza nkuyamba kukanda chotsani mbale mukatsuke, fungo likachoka chifukwa chokandira chimathanso, ndipo zimakuthandizani inu nomwe pa nyerere ndi mphemvu. Mbale ya chitsulo kapena yadothi yosalowa kwambiri ndi yabwino kuposa pulasitiki, pansi pake yalanipo chisaka chakale kapena katoni kuti zikhadabo zizithera pamenepo. Madzi muwaike pena patali ndi chakudya, ambiri amamwa bwino akakhala choncho. Kumumenya kaya kumukalipira sikungathetse chilichonse chifukwa iye sakudziwa kuti walakwa chani, chimene angaphunzire nchakuti pa mbale paja ndi poopsa komanso kuti inuyo ndi woopsa, mapeto ake amayamba kudya mothamanga maso ali uku ndi uku kapena kutenga nsomba kukadyera pansi pa bedi, ena amasamukiratu kupita kwa neba.

Ngati muli ndi amphaka awiri musawadyetsere mbale imodzi olo atakhala pachibale, avumbwe sadyera pamodzi, aliyense amasaka yekha nkudya yekha. Ikani mbale ina pakhonde ina kukhitchini pomwe sangaonane, ndipo galu muzimutsekera kunja mpaka onse amalize.