Lachitatu: munthu wa panjinga uja

Lero ndakwanitsa masiku 19 chisamukireni m'katauni kano, koma makatoni asanu akadali pakona osamasula. Ndinadzuka cha m'ma 4 koloko. Zaka zonse zimene ndinakhala mumzinda khutu langa linazolowera mkokomo wa magalimoto umene sutha usiku wonse, mpaka ndinasiya kuumva. Kuno kukati zii kumakhala zii weniweni. Umamva denga likuthetheka pamene likuzizira, umamva galu amene ali kutali kwambiri, umamva ngakhale kupuma kwako komwe. N'chifukwa chake ndinamva kanthu kena kuchokera kukhitchini: tho, tho, tho.

Ndinafunda bulangete n'kupita kukaona. M'mawa wa kuno umaluma kuposa wa mumzinda, ngakhale kuti si kutali kwenikweni. Konkire, njerwa ndi phula zimamwa kutentha kwa dzuwa masana n'kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku wonse, pamene kuno kuli dothi, udzu ndi mitengo, ndipo kutentha kumathawa dzuwa likangolowa. Ndinadziwa zimenezi kalekale powerenga, koma mapazi anga azidziwa mwezi uno.

Pansi pa sinki panali kadziwe. Madzi ankadontha pamene paipi imalumikizana ndi mpopi. Munthu wanzeru akanaika beseni n'kudikira kuche. Ine ndinatenga pulayala. Ndinakunga nati kamodzi, kudontha kunachepa. Ndinati ndikungenso pang'ono kuti kutheretu, ndipo ndinamva kuti thwa! Madzi anandipopera kumaso, m'khosi, mpaka pa bulangete. Chakudza sichiimba ng'oma, amatero, koma chimenechi ndinachita kuchiitana ndekha.

Ndinathamangira panja wopanda nsapato, tochi ya foni ili m'manja, kufunafuna potsekera madzi a nyumba yonse. Ndinazungulira nyumba kawiri osapapeza. Ulendo wachitatu ndinamva mawu kuseri kwa mpanda.

“Pansi pa mwala wafulatiwo, mwanangu. Pafupi ndi zenera la kubafa.”

Anali agogo oyandikana nawo nyumba. Sindikudziwa kuti anali ataima pamenepo nthawi yaitali bwanji. Ndinasuntha mwalawo, ndipo chotsekeracho chinalidi pomwepo, chodzaza dothi ndi akangaude. Nditatseka anawonjezera kuti anthu amene ankakhala m'nyumba muno kale ankavutika ndi paipi yomweyo, ndipo mwamuna wake nayenso ankakonda kukonza yekha. Ananena mawu akuti nayenso modekha kwambiri.

Kutacha ndinayamba kufufuza pulambala pa intaneti monga ndinkachitira mumzinda, kumene ukangolemba mawu awiri umapeza manambala makumi awiri, n'kumasankha ngati mfumu. Netiweki ya pano imagwira bwino pamalo amodzi okha, pafupi ndi geti, ndiye ndinaima pamenepo foni ndili nayo m'mwamba. Onse amene anatuluka anali a kumzinda kumene ndachokera. Agogo aja anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anati, “Musavutike, ndatuma kale mwana. Wokonza mapaipi kuno ndi mmodzi yekha. Akubwera posachedwa.”

Posachedwa wa kuno ndikumuphunzirabe. Ndinakolopa kukhitchini, ndinayanika bulangete, ndinayankha maimelo a kuntchito, ndinamasula katoni imodzi ya mabuku. Nthawi itakwana 11 koloko ndinamva belu la njinga pageti.

Ndinayamba kuzindikira njingayo ndisanazindikire mwini wake. Yakuda, yopanda madigadi wakumbuyo, mapaipi awiri aatali atamangidwa m'mbali ndi timalamba ta chubu, kumapeto kwake kukulendewera kansanza kofiira. Mimba inandizizira.

Dzulo madzulo ndinkachokera kukatenga katundu wotsala. Ndinali wotopa, ndipo pamalo pamene msewu umachepa ndinapeza njinga yomweyi ikuyenda pakati, mapaipi akugwedezeka uku ndi uku. Ndinaliza hutala. Sanapatuke msanga. Ndinalizanso, ulendo uno osachotsa dzanja, ndipo podutsa ndinatsitsa galasi n'kunena mawu amene sindiwalemba pano. Mumzinda zimenezi n'zosakumbukika n'komwe. Umakalipira munthu pamphambano, iye akukalipira, magetsi asintha, aliyense wapita kwake, ndipo simudzaonananso mpaka kufa. Pakamwa panga panachita zimene panazolowera, mutu usanakumbuke kumene ndili.

Bamboyo anatsamiritsa njinga pampanda, anandipatsa moni mwaulemu, n'kufunsa kuti vuto lili pati. Nkhope yake sinasonyeze chilichonse. Mwina sanandizindikire, ndinadzinamiza choncho, pamene galimoto yanga inali itaima pambali pathu, fumbi la dzulo likadali pamagalasi.

Anagwada pansi pa sinki n'kundipempha kuti ndimuunikire. Anamasula nati yomwe ndinakunga ija n'kundionetsa pachikhatho: inali yapulasitiki, yang'aluka kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kenako ndi nsonga ya sikuludiraiva anatokosola kamphira kakuda kozungulira kamene kamakhala mkati. Kanali kataphwatalala n'kuuma ngati khungwa.

“Vuto linali aka,” anatero. “Kamphira kakakalamba, ngakhale mukunge bwanji madzi amapeza njira. Ndiye mukapitiriza kukunga, imafa ndi nati.”

Anapisa m'thumba lake la zida, momwe munali timabawuti, tizidutswa ta mapaipi ndi zinthu zina zimene ine ndikanazitaya kalekale, ndipo anapezamo nati yachitsulo yokwanira bwino. Kamphira koyenera analibe. Anatulutsa chidutswa cha chubu chakale, anaikapo kakale kaja ngati muyezo, n'kudula ndi kampeni mozungulira, lilime ataluma pang'ono. Kenako anakulunga tepi yoyera yopyapyala pa timizere ta kumapeto kwa paipi, ndipo anandionetsa kuti imakulungidwa molowera kumene nati imazungulira pomanga, chifukwa ukaikulunga mobwerera, nati imaifumula ikamalowa. Anamanga ndi dzanja mpaka kulimba, sipanala anangoigwiritsa pang'ono pomaliza. Ananditumiza kukatsegula madzi. Nditabwerera anali atagwira pansi pa paipi ndi kapepala kouma, ndipo anandionetsa: kouma ndithu.

Nthawi yonseyi ine mawu anali atandikhala pakhosi. Tinamaliza za malipiro, anamangirira thumba lake pakaliyala, anakankha njinga mpaka pageti. Ali pomwepo anayang'ana galimoto ija n'kunena kuti, “Koma hutala wake ndi wamphamvu, achimwene.”

Ndinapepesa, ndipo kupepesa kwake kunali kosalongosoka, kodzaza ndi zifukwa za kutopa ndi za msewu wochepa. Anandilola kuti ndimalize, kenako anaseka. Anati palibe kanthu, anthu ochokera kumzinda onse amatero mwezi woyamba, kenako amasiya okha. Asanakwere anafunsa ngati n'zoona kuti ana anga akubwera teremu ikatha, chifukwa wamkuluyo akhala m'kalasi limodzi ndi wake. Anawonjezera kuti ndikadzapita kukawalembetsa tidzakumananso, popeza ali m'komiti ya makolo. Mkazi wake, ndamva madzulo ano, ndi namwino wa pachipatala chaching'ono cha pano. Choncho munthu amene ndinamutukwana pamsewu ndi yemwe wandikonzera madzi, ndi yemwe adzakhale pa tebulo pokambirana za sukulu ya ana anga, ndipo mkazi wake ndi yemwe adzandibaye jakisoni ndikadzadwala.

Ndakhala ndikuziganizira masana onse. Katswiri wina wa ku Britain, Robin Dunbar, anapereka maganizo m'zaka za m'ma 1990 akuti munthu amatha kusunga ubale wokhazikika ndi anthu pafupifupi 150. Akatswiri ena amatsutsa nambalayo, koma mfundo yake ndikuiona ndi maso. Mumzinda anthu anga 150 anali omwazikana m'nyanja ya anthu mamiliyoni, ndipo sankadziwana. Anzanga a kuntchito sankadziwa oyandikana nawo nyumba, oyandikana nawo sankadziwa makaniko wanga. Aliyense ankaona mbali imodzi ya ine, ndipo ndinkatha kukhala waulemu kuno, wamwano uko, popanda wogwirizanitsa ziwirizo. Katswiri winanso, Georg Simmel wa ku Germany, anafotokoza kale mu 1903 kuti munthu wa mumzinda amauma mtima pofuna kudziteteza, chifukwa akati alabadire aliyense wokumana naye monga amachitira wa m'tauni yaing'ono, mutu sungapirire. Ndikugwirizana naye. Chimene sindinkadziwa n'chakuti kuumako umasamuka nako, kumakwera m'lole limodzi ndi mipando.

Pamene ndinkauza anzanga kuti ndikusamukira kuno, awiri anafunsa mwakachetechete ngati ntchito yatha. Sindinawadabwe. Dziko lonse likuyenda molowera kwinako. Bungwe la United Nations linawerengera kuti mu 2018 anthu 55 pa 100 alionse padziko ankakhala m'mizinda ndi m'matauni, ndipo nthawi imeneyo linkayembekezera kuti pofika 2050 adzakhala 68 pa 100. Munthu wobwerera m'mbuyo amaoneka ngati wagonja. Ndipo zizindikiro zake zili pano pomwe. Ndikayenda mumsewu ndimaona ana asukulu ndi okalamba, koma a zaka za m'ma 20 ndi owerengeka. Pulambala uja wandiuza kuti anyamata awiri amene anawaphunzitsa ntchito onse anapita kumzinda, n'chifukwa chake watsala yekha ndipo posachedwa wake amafika 11 koloko. Anali atayamba wapita kukakonza thanki kwina, kutali ndithu, panjinga yomweyo.

Cha m'ma 4 koloko ndinatseka kompyuta n'kupita kokayenda. Katauni konse, kuchokera kumene nyumba zimayambira mpaka kumene zimathera, ndi mphindi 14 wapansi, ngati suima. Sindinakwanitsepo kusaima. Lero anthu atatu andifunsa ngati madzi asiya kudontha, ndipo mmodzi mwa iwo sindinamuonepo chibadwire. Mayi wina anandiuza kuti bulangete langa lagwa pachingwe ndipo analinyamula n'kulikoleka pampanda. Ndinathokoza, koma kunena zoona china chake chinandinyansa mumtima. Sindinazolowere kuti bulangete langa likhale nkhani. Pali masiku amene ndimalakalaka kuyenda pakati pa anthu osandidziwa, nkhope itakwinyika mmene ndafunira, popanda wofunsa kuti kwagwanji. Kuno ukadutsa munthu uli m'maganizo, pofika madzulo zamveka kuti mlendo uja ndi wonyada. Walira mvula walira matope. Ndinkafuna bata, ndipo bata lake limabwera ndi maso.

Palinso zina zimene sindikufuna kuzikometsera. Matenda aakulu akabwera usiku, chipatala chokhala ndi zipangizo zonse chili kutali, ndipo ndimaganizira zimenezi kwambiri tsopano pamene ana ali pafupi kubwera. Chinthu chikatha kapena chikawonongeka, sungochipeza tsiku lomwelo. Ndayamba kumvetsa chifukwa chimene bambo uja sataya kabawuti ngakhale kamodzi, moti nati yong'aluka ija ndaisunga m'kabati, ngakhale sindikudziwa kuti idzagwira ntchito yanji.

Mayi a ana anaimba foni nditangofika kunyumba. Ndinawafotokozera za paipi, za hutala ndinayamba ndadumpha. Kenako ndinaona kuti n'kupanda nzeru kubisa nkhani imene adzaimva sabata yawo yoyamba kuchokera kwa namwino, ndiye ndinaulula. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti akhala akundiuza za hutala ameneyu zaka 11.

Usiku uno ndinazimitsa magetsi onse n'kukhala pakhonde. Poyamba umangoona mdima ndi nyenyezi zowala kwambiri zokha. Maso amafuna mphindi 20 kapena 30 kuti azolowere, ndipo ukangoyang'ana pafoni wayambiranso, choncho ndinaisiya m'nyumba. Pang'onopang'ono zing'onozing'ono zinayamba kutuluka pakati pa zazikulu, kenako mlalang'amba unaonekera, utayala kuchokera mbali ina ya thambo mpaka inzake ngati utsi woyera. Kafukufuku wina amene anatuluka mu 2016 anapeza kuti anthu oposa gawo limodzi mwa magawo atatu a anthu onse padziko sangathe kuuona ali kwawo chifukwa cha kuwala kwa magetsi. Ana anga ali m'gulu limenelo, sanauonepo. Ndinatsika pakhonde n'kuima pakati pa bwalo, khosi nditapinda, pakamwa pali yasa, ndikuganiza kuti apa pokha ndili ndekha.

“Mwanangu,” mawu anachokera kuseri kwa mpanda, “kodi yayambanso kudontha?”